Yankho pa funso la gethostbyname yotulutsa adiresi imodzi pa maina awiri

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mukulemba pulogalamu ya C pa Linux yoti izitumiza malipoti a mpunga umene wagulidwa pa tsiku kuchokera ku ofesi ya kopaletivi yanu ku Nkhotakota kupita ku maseva awiri, ndipo mukaitana gethostbyname (function imene imafufuza adiresi ya kompyuta kuchokera ku dzina lake) pa dzina la seva yoyamba kenako pa la yachiwiri, maadiresi onse awiri akutuluka ofanana. Mwatinso netiweki ikafooka pulogalamuyo imangokhala duu kwa masekondi angapo ngati yafa. Mavuto awiriwa magwero ake ndi osiyana, ndipo ndiyamba ndi loyambalo chifukwa ndi limene lingathe lero lomwe.

Function ya gethostbyname simakupatsani yankho loti likhale lanulanu. Imalemba yankho lake m'kachigawo kamodzi ka memory kamene library inadzisungira, kenako n'kukupatsani pointer yoloza pamenepo. Zili ngati kalasi yokhala ndi bolodi limodzi: mphunzitsi wa masamu akatuluka, wa Chichewa amalowa, amafufuta n'kulembapo zake, ndipo mwana amene sanakopere m'kope mwake akacheuka amapeza zina. Inu mwaloza bolodi lomwelo ndi zala ziwiri, n'chifukwa chake zala zonse zikuonetsa yankho lomaliza. Kuti mutsimikize, sindikizani ma pointer awiriwo ndi %p, ndipo muona nambala imodzimodzi ikutuluka kawiri. Onaninso ngati mukugwiritsa ntchito inet_ntoa posandutsa adiresi kukhala malemba, chifukwa nayonso ili ndi khalidwe lomweli, moti mukaiitana kawiri mkati mwa printf imodzi mudzaona adiresi imodzi yabwerezedwa ngakhale zina zonse zili bwino.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti muzingokopera yankho loyamba musanafunse lachiwiri. Zimenezo zigwiradi ntchito, koma ine sindikulangizani kutero, chifukwa kumeneko n'kuika chigamba pa nsalu yoti yatha kale. Function ya gethostbyname inabwera ndi 4.2BSD, mtundu wina wa Unix, mu 1983, chaka chomwe Paul Mockapetris analemba malamulo oyamba a DNS, dongosolo losandutsa maina a makompyuta kukhala maadiresi, pa nthawi imene makompyuta a pa ARPANET, netiweki imene inabala intaneti, ankadalirabe fayilo imodzi ya HOSTS.TXT yosungidwa ku bungwe la kafukufuku la SRI ku California, imene aliyense ankaikopera ngati kaundula wa kwa mfumu. Function imeneyi inapangidwira maadiresi a IPv4 a ma bit 32, siikwanitsa kukubweretserani a IPv4 ndi a IPv6 a ma bit 128 pamodzi, ndipo ma thread awiri (zigawo za pulogalamu zoyenda mbali ndi mbali) akaiitana nthawi imodzi amafufutirana pa bolodi lija. POSIX, muyezo umene makina a mtundu wa Unix amatsatira, inaichotsa m'malamulo ake mu 2008 pamodzi ndi inzake gethostbyaddr, yofufuza dzina kuchokera ku adiresi. Imagwirabe ntchito kokha chifukwa opanga ma library safuna kupha mapulogalamu akale, koma mabuku ndi manotsi ambiri amene timagawana pa fulashi akuiphunzitsabe ngati kuti ndi yatsopano.

Yoyenera kugwiritsa ntchito ndi getaddrinfo, imene inafotokozedwa m'chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 2553 mu 1999 ndi kukonzedwanso mu RFC 3493 mu 2003. Imalandira zinthu zinayi: dzina la seva, port kapena dzina la service monga "443" kapena "https", struct addrinfo imene timaitcha hints yofotokoza mtundu wa yankho limene mukufuna, ndi malo oti ikuikireni chiyambi cha mndandanda wa mayankho. Musanalembe kalikonse mu hints, iyeretseni yonse ndi memset kuti mukhale maziro okhaokha, apo ayi zinyalala zotsalira mu memory zidzatengedwa ngati malangizo anu. Mukatero ikani ai_family kukhala AF_UNSPEC kuti mulandire IPv4 ndi IPv6 yomwe, ndi ai_socktype kukhala SOCK_STREAM popeza malipoti anu akuyenda pa TCP. Mukaiwala ai_socktype, pa glibc, library ya C ya pa Linux, mudzadabwa kuona adiresi iliyonse ikutuluka katatu, kamodzi pa mtundu uliwonse wa socket, khomo limene pulogalamu imalumikizirapo pa netiweki.

Pano mpamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Chimene chimabwera si adiresi imodzi ayi, koma mndandanda wolumikizana kudzera mu ai_next, chifukwa dzina limodzi likhoza kukhala ndi ma record angapo a A (a IPv4) ndi a AAAA (a IPv6). Ntchito yanu ndi kuyenda pa mndandandawo m'modzim'modzi: tsegulani socket pogwiritsa ntchito ai_family, ai_socktype ndi ai_protocol zimene zabwera, yesani connect ndi ai_addr ndi ai_addrlen, ikakana tsekani socket imeneyo n'kupita pa yotsatira, ikalola tulukani mu loop. Wotenga adiresi yoyamba yokha n'kusiya zinazo amadzavutika tsiku limene yoyambayo idzakhale ya IPv6 pa netiweki imene IPv6 sikudutsa bwino. Mukamaliza itanani freeaddrinfo, pakuti ulendo uno memory ija ndi yanu, ndipo pulogalamu yotumiza malipoti ola lililonse ikamaiwala kuibweza imanenepa pang'onopang'ono mpaka kompyuta kulemedwa. Posindikiza adiresi gwiritsani ntchito inet_ntop ndi buffer yanu ya kukula kwa INET6_ADDRSTRLEN, imene ndi ma byte 46.

Tsopano za kuima duu kuja. Apa getaddrinfo yokha sikuchiritsani, chifukwa nayonso imadikira mpaka yankho litabwera ndipo ilibe poti n'kuiuza kuti idikire nthawi yaitali bwanji. Tikamalemba pulogalamu timaiwala kuti mzere umodzi umenewu ndi ulendo weniweni. Library imayamba yawerenga /etc/nsswitch.conf kuti idziwe koyambira, ndipo kawirikawiri imayang'ana kaye mu /etc/hosts. Ikapanda kupezamo dzinalo, imatenga adiresi ya seva ya DNS mu /etc/resolv.conf n'kutumiza funso pa UDP ku port 53. Funso limenelo limadutsa pa rauta yanu, pa nsanja ya foni, mpaka kukafika ku seva ya kampani yanu ya intaneti, imene nayonso ikhoza kukafunsa kwina. Popanda kusintha kalikonse, glibc imadikira masekondi 5 pa funso lililonse ndipo imayesa kawiri, choncho seva imodzi ikangokhala chete mwataya kale masekondi 10, ndipo resolv.conf imalola maseva mpaka atatu. Madzulo aja mvula ikamachita mdima kunyanja, magetsi n'kuzima, netiweki n'kutsala kamzere kamodzi, masekondi amenewa ndi amene mukuwaona.

Njira ndi ziwiri. Mukhoza kuchepetsa kudikirako polemba options timeout:2 mu resolv.conf, ngakhale kuti pa Ubuntu fayiloyi nthawi zambiri imangoloza ku 127.0.0.53, kumene ndi systemd-resolved ya pa kompyuta yomweyo, ndipo zimene mwalembamo pamanja zikhoza kufufutika. Njira imene ine ndimakonda ndi yoika kufufuzako mu thread yakeyake kuti pulogalamu yonse isamadikire nawo. Amene safuna ma thread akhoza kuona getaddrinfo_a ya glibc kapena library ya c-ares. Chofunikanso ndi kuwerenga bwino chimene function yabweza. Ikabweza 0 ndiye kuti zatheka, ikabweza nambala ina ipatseni gai_strerror osati perror, pokhapokha ikakhala EAI_SYSTEM mpamene errno imakhala ndi tanthauzo. EAI_AGAIN ikutanthauza kuti yankho silinapezeke pakali pano, choncho lipoti la mpunga lisungidwe pa disiki kuti likayesedwenso pakapita mphindi zingapo. EAI_NONAME ikutanthauza kuti dzinalo silikudziwika, ndipo imeneyo ikamabwerabwera netiweki ili bwinobwino, onani kalembedwe ka dzinalo m'malo moumirira kufunsa.

Musagwe m'chiyeso chofunsa kamodzi m'mawa n'kusunga adiresiyo mpaka kalekale, kapena choilemba mu /etc/hosts kuti mupume. Record iliyonse ya DNS imakhala ndi TTL, nthawi imene yankho liyenera kukhulupiridwa, ndipo getaddrinfo sikuuzani nthawiyo, choncho ndi bwino kufunsanso nthawi iliyonse imene mukulumikiza mwatsopano. Ine zinandionekera pa loji ina ku Senga Bay. Pulogalamu yawo yolandirira alendo inasiya kufika ku seva, koma chida chofunsira DNS cha nslookup chinkandipatsa adiresi yolondola nthawi zonse. Ndinachoka ku Salima boma m'mawa, ndinasintha mawaya, ndinazimitsa rauta n'kuiyatsanso kangapo, ndipo dzuwa litapendeka mpamene ndinatsegula fayilo ya hosts n'kupeza kamzere kamodzi kamene wina analembamo kale, koloza ku adiresi imene seva inali itasamukako. Zida za nslookup ndi dig zimapita molunjika ku DNS osayang'ana fayilo imeneyi, pamene pulogalamu yanu imayambira mmenemo. Mukafuna kuona zimene pulogalamu ikuona, lembani getent ahosts kutsogolo kwa dzinalo.

Mwafunsanso kumapeto ngati mungagwiritse ntchito gethostbyaddr kuti seva izizindikira kompyuta imene yatumiza lipoti. Yolowa m'malo mwake ndi getnameinfo, imene imafufuza record ya PTR, yosunga dzina la adiresi, potembenuza adiresiyo, moti 192.0.2.10 imafunsidwa ngati 10.2.0.192.in-addr.arpa. Koma dzina lobwera mwanjira imeneyi musalitenge ngati chiphaso, chifukwa amene amalemba PTR ndi mwini wa maadiresiwo, osati mwini wa dzina, ndipo akhoza kulembapo dzina lililonse limene wafuna. Maadiresi ambiri alibe n'komwe PTR, komanso makompyuta olumikizidwa kudzera pa data ya foni kawirikawiri amatulukira pa adiresi imodzi ndi anthu ena ambirimbiri. Pozindikira wotumiza gwiritsani ntchito TLS, njira yotetezera kulumikizana, ndi kiyi yachinsinsi ya ofesi iliyonse. Ngati cholinga ndi kungolemba mu log, ipatseni getnameinfo flag ya NI_NUMERICHOST kuti ikupatseni manambala okha osapitanso ku DNS, apo ayi seva yanu nayonso iyamba kuima duu pa mlendo aliyense.

Mukasintha zimenezi, tumizani m'gulu muno zimene getent ahosts yatulutsa pa maina onse awiri pamodzi ndi loop yanu ya connect, koma maina enieni a maseva muwabise. Ngati maadiresi adzatulukabe ofanana ngakhale pa getent, ndiye kuti maina awiriwo akulozadi ku makina amodzi, mwina kudzera mu CNAME, record yoloza dzina ku dzina lina, ndipo pamenepo tidzayang'ana kwa amene anakukonzerani maseva.