Yankho kwa mdzukulu amene mnzake wayamba kusuta chamba kusukulu

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti mnzako amene mumagona naye chipinda chimodzi ku yunivesite wayamba kusuta chamba ndi kumwa midoli, ndipo iye akuti chimamuthandiza kuwerenga usiku komanso kuti boma linachiloleza kale. Ukufunsa ngati kuuza makolo ake sikungakhale kumupereka.

Za lamulozo wanama. Lamulo limene aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza mu 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, koma kusuta kapena kupezeka nacho m'thumba udakali mlandu womangitsa.

Za kuwerenga, ndikuuze zimene ndinaona ndi maso angawa. Mwana wa mlongo wanga, amene tinamugulitsira mbuzi zitatu kuti apite kusukulu yaukachenjede, anabwera patchuthi maso ali psuu, akuseka yekha pakhonde, buku lili pamiyendo koma tsamba losatembenuzika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iye ankati mutu ukuyenda bwino, chonsecho chamba chimafooketsa mphamvu yokumbukira zimene munthu wangowerenga kumene, kotero kuti nzeru zimene zimaoneka zochuluka usiku zimasowa pepala la mayeso likafika patebulo. Chaka chimenecho analephera, sukulu inamuchotsa, ndipo pamene anayamba kunena kuti akumva mawu a anthu omufuna kumupha, tinamutengera kuchipatala cha odwala matenda a maganizo. Si onse osuta amene amafika pamenepo, koma amene wayamba ali wamng'ono n'kumasuta tsiku ndi tsiku ndiye ali pangozi yaikulu.

Komabe sindikufuna kuti umuyese mnzakoyo munthu woipa. Ambiri a inu mumachoka kusekondale yogonera komweko, kumene belu linkakuuzani nthawi yodzuka ndi yogona, n'kukapezeka m'nyumba ya lendi ku Chikanda kapena ku Ndirande kopanda wokufunsani kumene mwaswera. Ndalama ya ngongole ya ophunzira ikatha mwezi usanathe, njala ndi mantha a mayeso zimagona nanu pamphasa imodzi, ndipo kabotolo ka mowa wotchipa kamaoneka ngati bwenzi. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma ukali womwewo unangosamukira m'timabotolo. Enanso, ndamva, akumwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene amazunguza bongo akamwedwa mopyola muyeso, asakudwala n'komwe, zimene kale tikanaziyesa nthabwala.

Tsono pa funso lako. Kwathu kuno mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo amene waona nyumba ya mnansi ikufuka utsi sakhala chete poopa kutchedwa kazitape. Yamba ndi iye mwini, m'mawa asanasute, muli awiriwiri, ndipo usamulalatire. Umufunse chimene chikumusowetsa tulo, chifukwa nthawi zambiri chambacho chimangophimba vuto lina. Akakana kumva, pita kwa mlangizi wa ophunzira pasukulupo, kenako udziwitse amalume ake kapena mkulu wina wa kubanja amene amamumvera, osati kuyamba ndi bambo waukali amene angangomudulira fizi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ndi bwino kupitako munthu akadali wotha kudziyendera yekha.

Iwenso usamusungire kamtokoma kalikonse m'chikwama mwako, ngakhale atakupempha motani, pakuti apolisi akadzachita chipikisheni m'chipindamo adzatenga amene chamupezekera.