Kuyeza, kuyesa kapena kuyerekeza?

Mayi wina wa ku Area 25, amene amamasulira nkhani zaumoyo zowerengedwa pa wailesi, wafunsa kuti: "Akatswiri agwiritsa ntchito kompyuta pofuna kuona ngati zinthu zopezeka m'zitsamba zingachepetse kutupa. Ine ndalemba kuti 'ayeza mankhwala azitsamba pa kompyuta'. Kodi zili bwino?"

Mayi, liwu loti kuyezali ndi limene likundidetsa nkhawa. Munthu wa ku Kawale akamva kuti ayeza, m'maganizo mwake mumabwera magazi ali m'kabotolo, kapena mwana atakolekedwa pa sikelo. Kuyeza kumafuna chinthu chenicheni m'manja. Koma pantchito imeneyi palibe tsamba lasinjidwa, palibenso wodwala wamwa kanthu.

M'thupi mwathu muli puloteni yotchedwa COX-2, imene imathandiza kupanga zinthu zobweretsa ululu ndi kutupa. Puloteniyi ili ndi kamphako. Katswiri amatenga chithunzi chake, natenganso chithunzi cha kanthu kamodzi ka m'chomera, tinene curcumin wa m'chikasu. Kompyuta imakatembenuzatembenuza, kuwerengera ngati kangalowe m'kamphakomo ndi kutsekamo. Eni ake amati molecular docking. Zili ngati kusankha kiyi poyang'ana chithunzi cha loko usanafike n'komwe pakhomo, ndipo fanizo la loko ndi kiyili analiyambitsa ndi katswiri wa sayansi Emil Fischer wa ku Germany mu 1894.

Liwu lake tili nalo kale: kuyerekeza. Paja timati "tiyerekeze kuti mvula yakana chaka chino", tikudziwa kuti sizinachitike koma tikufuna kuona kumene zingathere. Lembani kuti "ayerekezera pa kompyuta". Kuyesa kusungeni, kumabwera pambuyo: mu labotale, pa nyama, kenako pa anthu.

Musamalenso tizidutswa tiwiri ta m'kati mwa mneni, -ma- ndi -nga-. Mukati "chikasu chimachepetsa kutupa" mwatsimikiza. Mukati "chingachepetse" mwasiya mpata, ndipo mpatawo ndi wofunika zedi. Curcumin yemweyu amakwana bwino pa chithunzi cha pa kompyuta, koma munthu akamwa, wochepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi. Ndikulimbikira apa chifukwa ndikuganiza za agogo odwala nyamakazi amene akumvera wailesi ku Mchesi. Akamva -ma-, mawa atuma mdzukulu kumsika, mwinanso asiya mapiritsi a kuchipatala.

Funso lachiwiri lachokera kwa wophunzira wa ku Bunda: "Kodi liwu loti kutupa likukwanira pamene madokotala akuti inflammation?"

Achimwene, likukwanira theka. Celsus, mlembi wa nkhani zaumoyo wa ku Roma, analemba kalekale zizindikiro zinayi za inflammation: kufiira, kutentha, kutupa ndi kupweteka. Ife tatolapo chimodzi n'kuchisenzetsa zonse. Ganizirani chala chimene chalasidwa ndi minga: chimatukusira, chimatentha, usiku sichigonetsa. Miyendo ya munthu wodwala mtima kapena impso nayonso timati yatupa, koma mmenemo mwangodzaza madzi. Mukadinikiza ndi chala pamatsala kadzenje. Woteroyo akamva za "mankhwala oletsa kutupa" n'kukagula ibuprofen, angathe kuwononga impso zake kuposa kale. Choncho potchula koyamba lembani kuti "kutupa kotentha ndi kopweteka", kenako m'mizere yotsatirayo mungamangoti kutupa.

Mwafunsanso za liwu loti mankhwala, loti limanyamula zambiri: a kuchipatala, a kwa sing'anga, ngakhale ophera mbozi m'munda. N'zoona. Kanthu ka m'chomera kamene sikanayesedwe pa anthu musafulumire kukatcha mankhwala. Nenani kuti "chinthu chopezeka mu nimu" kapena "m'masamba a chammwamba", ndipo ngati dzina lake mukulidziwa, litchuleni mmene lilili.