Achemwali, Findeco sikugwa ayi

Achemwali, mwaswera bwanji? Pepani phokosoli, ndili pa Kulima Tower kudikira kuti basi idzaze, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba ndingachedwe. Zithunzi 40 zija munaponya m'gulu muno ndaziona zonse. Mwafunsa kuti bwanji nyumba zikuoneka ngati zikugwa chagada, komanso bwanji zokongola zomwe munaziona ndi maso muli kuno ku Lusaka sizikutuluka pa foni.

Findeco House, nyumba yaitali yosanjikizana ija, sikugwa, yakhala chiimire pa Cairo Road kuyambira zaka za m'ma 1970. Inuyo munaima patsinde penipeni n'kupendeketsa foni kuloza kumwamba. Mukatero makoma amathamangira kukakumana pamwamba ngati denga la nkhokwe. Bwererani m'mbuyo, wolokani msewu, foni iime chilili, kenako muikokere nyumbayo pafupi ndi zoom ya 2x. Timizere tija ta grid tiyatseni, khoma lizitsata kamzere. Zimenezo n'zosavuta.

Nkhani yaikulu ndi ya omwe mukuwaonetsa. Taonani m'gulu muno, aliyense waika kamtima, amayi alemba kuti "zabwino mwanangu". Eee, ndi chikondi, koma mwatolapo chiyani? Ine ndili ndi anzanga anayi, Loweruka lina timayenda m'tauni n'kumajambula zitseko, mawindo, masitepe, zotere. Tinapangana kuti aliyense azitumiza chithunzi chimodzi basi, ndipo funso ndi limodzi: diso lako lagwera pati poyamba? Osati "chili bwanji?" ayi, pamenepo munthu amangokusangalatsa.

Ine zinandionekera ku Cathedral of the Holy Cross, tchalitchi cha Anglican cha 1962 chija, cha mawindo aataliatali opyapyala a magalasi amitundumitundu. Ndinajambula ndili panja, n'kutumiza ndikudzimva kuti lero ndawagwetsa. Woyamba akuti, "Ndaona galimoto yoyera pakonapo." Wachiwiri akuti waya wa magetsi. Windo palibe analitchula! Zinandiwawa, sindinama, moti ndinazimitsa data. Koma paja mutu umodzi susenza denga. Ndinabwererako m'mawa, ndinapempha kulowa mkati, ndinadina chala pa foni pomwe pamaoneka galasi la windolo n'kutsitsa kuwala mpaka mitundu inadzuka, yofiira, yabuluu. Zina zonse ndinazisiya kunja, munangotsala mawindo awiri ndi mzati wa konkire pakati pake. Ulendo uno onse anayi anatchula chinthu chimodzimodzi.

Ndiye inunso mukamayankha mnzanu, muzimuuza chomwe mwaona ndi pomwe chili, ngati "kumanzere kuli mutu wa munthu wodulidwa". Mawu oti "sichinandisangalatse" sathandiza, munthu sadziwa pokonza.

Chinanso ndi dzuwa. Chithunzi chanu cha Freedom Statue, chipilala cha 1974 cha bambo wodula maunyolo uja, munachijambula masana dzuwa lili paliwombo, nkhope yonse bii, unyolo sukuoneka n'komwe. Muzipita cha m'ma 16 kapena 17 madzulo, kuwala kukamabwera cham'mbali. Nthawi imeneyo pa Kabwata Cultural Village, tinyumba tozungulira tija anamangira antchito achikuda nthawi ya atsamunda, udzu wa padenga umaoneka mzere ndi mzere, mpaka mungawerenge momwe wofolera anasanjira. Simufunikanso kanyumba konse, mlomo wa denga ndi kachidutswa ka khoma zakwana.

Aaa, ndisaiwale, lens, kagalasi ka kamera kaja, muzipukuta, ngakhale ndi nsonga ya chitenje. Zithunzi zanu zingapo zili ngati muli chifunga, koma ndi mafuta a m'zala amenewo, mwina mandasi aja munagula pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Komanso pa WhatsApp muzitumiza ngati document, apo ayi imachifinya chithunzi, timizere ta njerwa timafufutika, anzanu n'kumadzudzula zomwe simunalakwe. Ku State House ndi komwe kuli asilikali foni ikhale m'chikwama, ndipo pa nyumba za boma muyambe mwafunsa alonda.

Pa 40 paja ine ndasankha cha nambala 17, cha chitseko chathabwa chili ndi chogwirira chamkuwa. Chimenecho muli nacho, kungoti chidebe cha zinyalala pansipo chikuba diso. Chiduleni, munditumizire ngati document usiku uno, ndiwaonetse anzanga aja osawauza kuti n'cha ndani. Basi yadzaza, kondakitala akundiyang'ana. Moni kwa alamu.