Funsani Anamwino: Ndabwera ku Joni, koma pomwe anandichita opaleshoni ya heniya patupanso

Funso

Zikomo anamwino. Ndine bambo wa zaka 56, ndimakhala cha ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndipo ndimalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Zaka zapitazo anandichita opaleshoni ya heniya (chotupa chimene chimabwera matumbo akatulukira pamalo ofooka a mimba) konkuno, m'mphechepeche mwa kumanja, koma chaka chatha chotupa chija chinabwereranso. Mwana wanga wa ku Johannesburg anati ndipite akandionetse kwa madokotala a kumeneko, ndipo iye ndi alongo ake anasonkherana ndalama. Anandiboola timabowo titatu pamimba n'kuikamo kaukonde kotsekera pamalo ofookawo. Ndinakhala kwa mwanayo masiku 9, kenako ndinakwera basi kubwerera kuno. Pano patha masabata atatu chichitikireni opaleshoniyo.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti pamalo pomwe panali heniya patupanso. Chotupacho n'cholimba, sichipweteka kwenikweni, koma ndikagona chagada sichibwerera mkati monga chinkachitira kale. Kumaliseche kunada bii sabata yoyamba, pano kwayamba kuyera. Chimbudzi chikuvutanso. Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp kuti mwana akaonetse adokotala, mpaka lero kuli zii. Anzanga ena akuti anditemere mphini, ena akuti ndalama za ana zalowa m'madzi. Kodi heniya yabweranso? Nanga ntchito ndiyambe liti, poti mvula yayandikira ndipo feteleza akufunika kukatenga? Palinso nkhani ya m'nyumba ija, imene ine ndi mayi a kunyumba tikuopa kuyamba.

*Mlimi wa ku Tsangano*

Yankho

Bambo, pepani ndi nkhawa imeneyi. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikuona kuti chotupacho chingakhale madzi osati matumbo. Heniya ikakhala nthawi yaitali imadzipangira malo akeake m'mphechepeche. Dokotala akabweza matumbo mkati n'kutseka polowera, malo aja amatsala opanda kanthu, ndiye thupi limathiramo madzi achikasu, nthawi zina osakanikirana ndi magazi pang'ono. Madokotala amawatcha seroma. Zimachitika kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni ya timabowo, makamaka heniya ikakhala kuti inali yaikulu kapena inali yachiwiri ngati yanuyi. Odwala ambiri amene ndawaona mu wodi ya opaleshoni atabwera ndi mantha ngati anuwa, chinali chimenechi. Heniya yeniyeni nthawi zambiri imakula mukatsokomola kapena mukaimirira, n'kuchepa mukagona. Madzi sachita zimenezo, amangokhala pomwepo, n'kumaphwa okha pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ena mpaka miyezi itatu.

Komabe ine sindinakugwireni, ndipo dokotala wa ku Joni naye sangakugwireni kudzera pa foni. Chithunzi sichionetsa ngati chotupa chikutentha kapena chikugunda dzanja munthu akatsokomola. Musadikirenso yankho la pa WhatsApp. Sabata yomwe ino pitani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, mukapemphe kuonana ndi amene amachita maopaleshoni. M'zipatala zathu za m'maboma opaleshoni ya heniya ndi imodzi mwa zimene zimachitika kwambiri, ndipo ma clinical officer ambiri anaiona ndi kuichita kosawerengeka. Akakayika adzakuunikani ndi sikani, imene imasiyanitsa madzi ndi matumbo mosavuta. Musachite manyazi kunena kuti munakachitidwira kunja. Ndimaona anthu akubisa zimenezi poopa kuti anenedwa kuti anadelera a kwawo, koma kubisako n'kumene kumasokoneza wofuna kukuthandizani.

Tengani mapepala onse amene munapatsidwa potuluka m'chipatala, pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala. Ngati mapepalawo anatsala kwa mwana, awajambule bwinobwino akutumizireni. Amuuzenso dokotala uja kuti mukufuna lipoti la opaleshoni yeniyeniyo, lonena njira imene anadzera, mtundu wa kaukonde ndi kukula kwake. N'zanu zimenezo, muli ndi ufulu wozipempha. Wokuonani kuno azilembe m'buku lanu, chifukwa ngakhale patapita zaka 10, aliyense wofuna kutsegula mimba yanu ayenera kudziwa kuti muli kaukonde.

Za mphini zija, chonde bambo, musalole. Pasadutse lezala, pasalowe jakisoni wa munthu wongoyendayenda, ngakhale atanena kuti angopopako madziwo. Kaukonde kaja si mnofu, mulibe magazi oyendamo, ndiye tizilombo tikakafikako mankhwala amavutika kutipha. Zikafika poipa, pamafunika opaleshoni ina yokachotsa kaukondeko, ndipo imeneyo ndi yovuta kuposa ziwiri zimene mwadutsamo kale. Ngakhale ife kuchipatala sitithamangira kupopa madzi oterewa pokhapokha ngati akupweteka kwambiri kapena akukana kuphwa.

Kuda kwa kumaliseche kuja ndi magazi amene anatsikira pansi pa khungu. Poti kwayamba kuyera, kuli m'njira yabwino. Mwinanso mukumva dzanzi kapena kuyabwa m'ntchafu cha mkati, zimenezonso zimachitika chifukwa mitsempha ya pamenepo inakhudzidwa. Kabudula wamkati wogwira bwino amathandiza kuti pasamalendewere.

Zimene siziyenera kudikira kuti kuche ndi izi: chotupa chikayamba kupweteka kwambiri, kufiira kapena kutentha, pabala pakatuluka mafinya, mukayamba kusanza, mimba n'kufufuma, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, mkodzo ukatsekeka, kapena machende akatupa ndi ululu waukulu. Thupi likatentha kufika madigiri 38, musangoti ndi malungo n'kukagula mankhwala pagolosale. Akakupimeni malungowo, inde, koma muwaonetsenso pabala.

Palinso china chimene simunafunse koma chandikhudza: basi ija. Kuchoka ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, munthu amakhala pampando usana ndi usiku, miyendo ili chopinda. Munthu amene wangochitidwa opaleshoni magazi ake amakhala osachedwa kuundana, ndipo kukhala malo amodzi nthawi yaitali chotero kumawonjezera vutolo. Ngozi yake siithera pa depoti, imatha kuonekera patapita masabata. Choncho yang'anani miyendo yanu. Mwendo umodzi ukatupa kuposa unzake, katumba n'kumapweteka kapena kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asausisite. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kubaya pachifuwa kapena kutsokomola magazi, n'kutheka kuti magazi oundanawo afika m'mapapo, apo n'kupeza galimoto nthawi yomweyo.

Vuto la chimbudzi lija likonzeni msanga, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakankha pomwe anasokapo. Onani mapaketi a mankhwala opha ululu amene munabwera nawo. Ngati muli codeine kapena tramadol, amenewo ndiwo amamanga m'mimba, ndipo pa sabata yachitatu ambiri sawafunanso, Panado amakwanira. Idyani nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, papaya wakupsa, ndipo madzi akumwa asamatalikire. Zikakanika, kuchipatala kapena ku famase kuli mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose. Ngati mumasuta fodya, ino ndi nthawi yomusiya: amachedwetsa bala kupola, ndipo chifuwa chake n'chimodzi mwa zimene zimabweza heniya. Chifuwa chimene chapitirira masabata awiri akachipime TB. Ndipo pa msinkhu wanuwu, ngati mkodzo umatuluka mochita kukankha kapena mumadzuka kangapo usiku, mukanene akaone prostate, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Heniya imene yabwera kawiri imandipangitsa kufunsa kuti chikuikankha n'chiyani.

Tsopano za kumunda. Kaukonde kaja kali ngati waya amene amisiri amayala asanathire simenti: mphamvu yake imabwera simentiyo ikagwira. Mnofu wanu ukumera kulowa m'timaenje ta kaukondeko, ndipo ntchito imeneyo imafuna masabata. N'chifukwa chake madokotala ambiri amati munthu asanyamule zolemera kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kwa inu ine ndikuti asanu ndi limodzi athunthu, poti iyi ndi yachiwiri ndiponso pali chotupa chimene sichinaonedwe. Panopa musapitirire kulemera kwa chigubu cha malita 5. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi ndi makilogalamu 20, imeneyo ayi. Thumba la feteleza kapena la kachewere, la makilogalamu 50, lidikire kaye mpaka wokuonaniyo atakulolani, ndipo ngakhale pamenepo muyambe ndi theka, mutapinda mawondo, osati kuwerama. Kugalauza ndi kupanga mizere kumakoka pamimba kwambiri, chaka chino ikanipo aganyu. Ana amene anakwanitsa kulipira opaleshoni ku Joni sangalephere kukuthandizani ya ganyu ndi ya ngolo, muwauze mosabisa.

Izi sizikutanthauza kuti muzingogona. Yendani tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, mukuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Kumunda mutha kupita kukayang'anira, kubzala ndi kuthira feteleza wa m'kambale kukafika nthawi. Njinga yakapalasa ndi kabaza wa njinga yamoto m'misewu ya mabampu ya kwanuko zipeweni kaye mpaka akuoneni.

Nkhani ya m'nyumba ija isakuopseni. Ambiri amayambiranso pakatha sabata imodzi kapena awiri, malinga ngati sakumva kupweteka. Opaleshoni ya heniya sichotsa mphamvu za bambo. Akakuonani kuchipatala n'kutsimikiza kuti ndi madzi, yambani modekha, mimba isalemedwe, ndipo pakapweteka lekani muyesenso patapita masiku. Ngati n'kotheka pitani limodzi ndi mayi kuchipatalako, akamve okha, mtima wawo ukhale pansi.

Anzanu amene akuti ndalama zalowa m'madzi afulumira. Heniya ikabwereranso pambuyo pa opaleshoni yong'amba kutsogolo, njira imene akatswiri amalimbikitsa ndi yomweyi ya timabowo, yodzera mkati momwe mulibe zipsera zakale. Ana anu sanalakwitse.

Funso

Anamwino, mayi anga a zaka 61 ali ndi heniya yaikulu pamimba, pomwe anawang'amba pobereka mng'ono wanga. Amadwalanso shuga. Abale tagwirizana kuti apite ku India, ku Chennai, ndipo ine ndiye ndiwaperekeza. Tchuthi changa kuntchito n'chochepa, komanso malo ogona kumeneko ndi odula. Kodi tikiti yobwerera ndiidule ya tsiku liti kuchokera pa tsiku la opaleshoni?

*Mwana wawo, Area 49, Lilongwe*

Yankho

Achemwali, dulani tikiti yotheka kusintha tsiku, ngakhale ikwere mtengo pang'ono. Tsiku lobwerera adzanena ndi dokotala atawaona mayi pabala, ndipo mudzamupemphe kalata yosonyeza kuti akhoza kukwera ndege.

Kuti mukhale ndi poyambira: bungwe loona za maulendo a pandege ku Britain, la Civil Aviation Authority, limalangiza kudikira tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pa opaleshoni ya timabowo, masiku 4 mpaka 5 pa opaleshoni yapamimba yosavuta, ndi masiku 10 pa yovuta. Chifukwa chake n'chakuti m'mwamba mpweya wotsalira m'mimba umafufuma. Koma amenewo ndi masiku ochepetsetsa, oganizira ndege yokha. Heniya ya pachipsera chakale ngati ya mayiyi si yofanana ndi ya m'mphechepeche. Bala limakhala lalikulu, kaukonde kamakhala kakakulu, nthawi zambiri amasiyamo kapaipi kotulutsa madzi kwa masiku angapo, ndipo kwa munthu wa shuga bala likafuna kuvuta limayamba kuonetsa chakumapeto kwa sabata yoyamba kapena mu yachiwiri. Ine ndikanakhala inu ndikanakonzekera masabata awiri athunthu pambuyo pa opaleshoni, kuti kapaipi kachoke, ulusi kapena timawaya tichotsedwe, ndipo dokotala yemweyo awaonenso musananyamuke. Kukambirana ndi abwana anu za tchuthi chowonjezera n'kopepuka kusiyana ndi kuona bala likutseguka mukusintha ndege pa bwalo la ku Addis Ababa.

Paulendo wobwerera pemphani njinga ya odwala pa bwalo lililonse, ndi mpando wa m'mphepete mwa kanjira kuti azitha kudzuka n'kuyendako ola lililonse kapena awiri. Azimwa madzi, azigwedeza mapazi akakhala pansi, ndipo mufunse dokotala za masokosi othina ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. Chikwama asanyamule, ngakhale cha m'manja. Mankhwala onse akhale m'chikwama chimene mukulowa nacho m'ndege, ndipo awalembe mayina ake enieni, chifukwa mayina a pa mapaketi a ku India si onse amene a famase a kuno angawazindikire.

Shuga yambani kumulondoloza panopa, musanapite. Akakhala wokwera, madokotala a kumeneko akhoza kuimitsa opaleshoni mpaka atatsika, inu mukulipira malo ogona.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musananyamuke mukaonane ndi dokotala wa opaleshoni konkuno, ku Kamuzu Central kapena kuchipatala china chimene mumachikhulupirira. Mwina adzakuuzani kuti ntchitoyi itheka kuno, mwina adzavomereza kuti mupite. Mulimonsemo, mukhala mwapeza munthu amene wawaona mayi asanachitidwe opaleshoni, amene adzawalandire mukabwera. Pangani naye tsiku la sabata yoyamba mutafika. Ndipo bala likadzachita mafinya, mudzanene poyera kuti anagonekedwa m'chipatala ku India, kuti atenge mafinyawo akawapime ku labu asanasankhe mankhwala, chifukwa tizilombo tina ta m'zipatala sitimva mankhwala amene timayambira kupereka masiku onse. Kunyumba konzani woti aziwatungira madzi, kuwachapira ndi kuwanyamulira zidzukulu kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo lamba wapamimba amene adzapatsidwe azimuvala monga adzauzidwire.