Nanga anyani akutani kuthengo mpaka lero?

Owerenga wina andilembera imelo kufunsa kuti ngati anthu tinachokera kwa anyani, bwanji anyaniwo akadalipo. Mwandikhudza pachilonda. Ine ndinafunsapo zomwezi ndili kusekondale. Aphunzitsi anangoloza chithunzi chija cha nyani wowerama amene akunka nawongoka mpaka kukhala munthu, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Ndinakhala pansi manyazi atandigwira, ndipo kwa zaka zambiri ndinkangoti nkhani yonseyi ndi nthano.

Lero ndikunena mosapsatira: cholakwika chinali chithunzicho, osati funso langa. Chimaonetsa mzere umodzi, pomwe zamoyo zimachita nthambi ngati mtengo. Ngakhale Charles Darwin, wasayansi amene anafotokoza za kusintha kwa zamoyo, m'buku lake la 1859, chojambula chimodzi chokha chimene anaikamo chinali cha nthambi. Chimpanzi si agogo athu ayi, ndi msuweni. Kholo limene ife ndi chimpanzi tinachokerako linakhalapo zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo linatha kalekale.

Ndiye nthambi imaphuka bwanji? Kawirikawiri pamayamba mpanda. Mtsinje wa Congo unalekanitsa anyani a mtundu umodzi, ena kumpoto, ena kumwera, ndipo poti sadziwa kusambira, mbali iliyonse inasintha payokha. Lero tili ndi chimpanzi ndi bonobo.

Koma imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya kambalame. Mu 1981, pa kachilumba ka Daphne Major ku Galápagos, zilumba za m'nyanja ya Pacific, panafika kambalame kamphongo kachilendo, kakakulu thupi, koimba mosiyana ndi eni malo. Asayansi Peter ndi Rosemary Grant anatsatira mbumba yake. Ana ake anatengera nyimbo ya bambo wawo, zazikazi za pachilumbapo sizinakopeke nayo, ndiye anayamba kukwerana okhaokha. M'mibadwo yochepa chabe anasanduka gulu lawolawo. Nyimbo, pamodzi ndi kukula kwa mlomo ndi thupi, ngati mpanda! Mukafuna kuona mpanda utakhwima, onani hatchi ndi bulu: wina makromozomu (timitolo ta chibadwa ta m'maselo a thupi) 64, wina 62, mwana wawo nyulu 63, ndipo nthawi zambiri sabereka.

Yankho lanu

Anyani alipo chifukwa palibe nyani wa lero amene anasanduka munthu. Iwo ali pa nthambi yawo, akusinthanso mwa njira yawo. Wina akadzakulozerani chithunzi cha mzere chija, mupempheni akuonetseni pamene pali bonobo.