Pulojekiti ya enzaimu yophwanya oxalate: muyambire pati?

Wophunzira wa chaka chomaliza kuyunivesite, kwawo kwa Khombedza ku Salima, wafunsa ngati angakwanitse mutu umene aphunzitsi amupatsa: kupeza bakiteriya wa m'dothi amene amaphwanya oxalate (mchere wina wopezeka m'zomera), kenako kupatula enzaimu yake (puloteni yomwe imagwira ntchito yophwanyayo) n'kuiyesa.

Mutuwu ndi wabwino, achemwali, pakuti miyala yambiri ya mu impso imakhala ya calcium oxalate, ndipo oxalate yemweyo amapezeka mu bonongwe ndi m'masamba a koko. Dothi mukatape patchuthi kudimba, m'tsinde mwa mbewu zimenezi. Sungunulani galamu 1 ya dothilo m'mamililita 9 a saline (madzi a mchere), mutenthetse pa 80°C kwa mphindi 10 kuti patsale ma spore (timaselo topirira kutentha) a bakiteriya wa mtundu wa Bacillus, kenako muwaze pa agar (phala lomeretsera bakiteriya) wothira calcium oxalate. Sungani pa 30°C. Pakatha masiku angapo, sankhani makoloni (magulu a bakiteriya omera) amene azunguliridwa ndi malo oyera mbee, chizindikiro chakuti aphwanya oxalate.

Musathamangire kupatula enzaimu musanakhale ndi njira yoyezera mphamvu zake. Ambiri amagwera pamenepa. Bacillus subtilis amapanga enzaimu yotchedwa oxalate decarboxylase, yomwe imasandutsa oxalate kukhala formate ndi mpweya wa carbon dioxide. Imafuna manganese ndi pH yapakati pa 4 ndi 5. Mukayesa pa pH 7 mudzaganiza kuti mulibe kanthu. Ngati formate dehydrogenase, enzaimu yoyezera formate wopangidwayo, wakudulirani, yezani oxalate wotsala ndi potassium permanganate.

Enzaimuyi imakhala m'kati mwa maselo, choncho muwaswe kaye ndi lysozyme (enzaimu yoswa khoma la selo) kapena sonicator (makina oswera maselo). Kenako thirani ammonium sulphate, mchere wogwetsa mapuloteni pansi, pang'onopang'ono mukutakasa, chifukwa mukakhuthula kamodzi mapuloteni onse amagwera pamodzi. Mcherewo muuchotse ndi dialysis (kuusefa kudzera m'kathumba koviikidwa m'madzi) usiku wonse, apo ayi enzaimu idzangodutsa mu kolamu ya DEAE (chubu chosiyanitsira mapuloteni) osagwira. Pa SDS-PAGE (njira yoonera mapuloteni malinga ndi kukula kwake) yang'anani mzere wa pafupifupi 44 kDa, kukula kwa enzaimuyi. Zonsezi zichitike pa 4°C. Magetsi akazima m'mwezi wa Okutobala, ntchito ya sabata yonse imatha kuonongeka, ndiye cooler box ndi ayezi zikhale pafupi, ndipo enzaimu muigawe m'timachubu tambiri.

Kolamu ikasowa, lekezerani pa dialysis n'kulemba poyera kuti mwapatula mbali chabe. Oyesa amalandira zimenezo bola tebulo la specific activity (mphamvu ya enzaimu pa miligalamu ya puloteni) pa sitepe iliyonse likhale lolondola. Tebulo lomwelo mudzalionetse pofunsira ntchito ya mulabotale ku Malawi Bureau of Standards kapena kumalo a kafukufuku wa ulimi ngati Chitala.