Amayi anga ayamba kuiwala, anthu akuti akutamba

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa cha ku Bvumbwe, dzina sinditchula. Akuti amayi awo a zaka 79 ayamba kuiwala, usiku amadzuka n'kumanga duku kuti akupita kukathyola tiyi ku esiteti chonsecho ntchitoyo anasiya kalekale, pena amaitana amuna awo omwe anatisiya, ndiye pamudzi anthu ayamba kunong'onezana kuti angangawa akutamba. Funso lawo nlakuti anesi nditani?

Achemwali pepani kwambiri, ndikudziwa tulo simukuliona. Koma ndikufunseni kaye, zayamba liti zimenezi? Chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ngati mwezi watha anali bwinobwino ndiye m'masiku awiri atatu basi mutu wasokonekera, musadikire, amenewo ndi matenda ena abisala. Munthu wachikulire thupi lake silichenjeza ngati la mwana, atha kukhala ndi chibayo, malungo kapena matenda a m'njira ya mkodzo koma osatentha thupi ngakhale pang'ono, chizindikiro n'kungokhala kubwebweta komweko. Shuga akatsika kapena kukwera kwambiri, madzi akachepa m'thupi, ngakhale mankhwala atsopano amachititsanso zomwezi. Pitani nawo kuchipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa, akayezedwe mkodzo, shuga, BP ndi malungo, ndipo mankhwala onse omwe akumwa, azitsamba omwe, muwaike mu jumbo adokotala akaone. Kusokonekera kotereku nthawi zambiri kumatha akachiza chomwe chayambitsa.

Koma ngati zakhala zikubwera pang'onopang'ono chaka chonse kapena kuposa, mwina ndi dementia, matenda a ubongo. Mtundu wake wofala ndi Alzheimer's, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe anawafotokoza mu 1906, winanso umabwera ndi timasitiroko ting'onoting'ono makamaka kwa a BP yosasamalidwa. Zimayamba kufufutika ndi za posachedwa, za kale zimatsala, nchifukwa chake sakumbuka kuti adya nsima masana ano koma dengu la tiyi kumsana akulikumbuka bwinobwino. Madzulo dzuwa likamalowa mpamene ambiri amavutika kwambiri. Si ukalamba chabe ayi, okalamba ambiri nzeru zawo zimakhala zili gwa. Mankhwala ochiziratu kulibe, izi ndisakunamizeni, koma kasamalidwe kamasintha zambiri.

Chomwe ndimapempha aliyense, musamakangane nawo. Ndinaonapo gogo wina mu wodi, mwana wake ankangoti "amayi, abambo anamwalira kale," ndiye gogoyo ankalira maliro atsopano tsiku lililonse ngati uthenga wangofika kumene, mtima unkandiwawa. Akafunsa amuna awo inu afunseni kuti kodi munakumana kuti, muona nkhope ikumasuka. Akafuna ku esiteti apatseni lichero asankhe nyemba kapena asole nandolo, manja amenewo anazolowera ntchito.

Madzi muziwapatsa ndinu osadikira apemphe, ludzu limachepa munthu akamakula, kapu pang'ono pang'ono tsiku lonse, thobwa kapena phala lamadzimadzi nalonso ndi bwino. Usiku chidebe chikhale pafupi ndi mphasa, katochi kaziyaka, pachitseko mangani chitini cha timiyala kuti akatsegula mumve. Nthawi ya chiperoni bulangeti liwonjezereni koma mbaula m'chipinda chotseka ayi, utsi wa makala umapha, komanso akhoza kugwerapo. Akadzafika pongogona muziwatembenuza maola awiri aliwonse, n'kumaona pa matako, m'chiuno ndi zidendene ngati khungu layamba kusintha mtundu, zilonda za pogona zimayambira pomwepo.

Tsono za ufitizo, izi musazitenge mopepuka chifukwa agogo ena anavulazidwa, ena kuphedwa kumene m'dziko muno kaamba ka manong'onong'o ngati omwewa. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Musadikire mpaka anthu adzawapeze pakhomo pa eni usiku, pitani kwa amfumu pano, mutenge alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi buku la kuchipatala, mukafotokoze kuti amayi akudwala, wowaona akuyenda yekha awagwire dzanja awabweze kunyumba. Abale anu nawonso agawane nanu masiku ogona nawo, nokha mutha kugwa nanu. Mukabwerako kuchipatala mundilembere zomwe apeza mu mkodzomo.